Maso a Achimwene

Rustdal,
16 Ogasiti 1929.

Okondedwa achemwali anga a Tordis,

Kalata yanu inafika bwino ndi sitima ya Lachiwiri, pamodzi ndi chithunzi cha adzukulu anu. Koma ana a ku Amereka kunenepa kwake, abale! Wamng'onoyo watenga chipumi cha malemu bambo athu, mumuuze asadandaule, tonse tinakula nacho. Kuno tadzuka. Udzu tinamweta nthawi yabwino ndipo wauma mvula isanaupeze, mbuzi zathu ziwiri zikutipatsabe mkaka, bondo langa ndiye likungovuta monga mwa masiku onse.

Ndachedwa kuyankha chifukwa cha nkhani ya dokotala ija. Mwalemba kuti mkamwini wanu ali ndi mnzake ku Bergen, dokotala wa maso, amene wavomera kuchotsa ng'ala m'maso mwa achimwene athu a Eilert pa 10 Seputembala, ndipo kuti zonse mwakonza kale, ife tingokwera sitima. Mwachita bwino, Mulungu akudalitseni. Koma achimwene sapita.

Makalata awiri ndinalemba kale, ndawang'amba onse. M'kalata yoyamba ndinati munthu wa zaka 71 sangapirire mpeni. M'yachiwiri ndinati mtima wawo ndi wofooka, ulendo wa panyanja ungawaphe. Koma inu munandilera, bodza langa munkaligwira ndisanatsegule ndi pakamwa pomwe. Ndiye nazi zoona zake: achimwene sakudziwa n'komwe kuti kuli dokotala. Makalata onse ndimawawerengera ndine, ndipo nditafika pa tsamba lachiwiri la kalata yanu ndinangolumpha, n'kupitiriza ndi za tirigu wanu amene anawonongeka ndi matalala. Iwo anamva chisoni kwambiri ndi tiriguyo.

Musayambe kulira, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Mwalemba kuti chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona. Koma mlandunso suwola, achemwali.

Mukukumbukira chilimwe cha 1891, chaka chimene achimwene anabwerako ku Parisi kokaphunzira zojambula, atawonda ngati nsichi, ndevu mpaka pachifuwa, m'sutikesi muli zithunzi zokhazokha zimene palibe anafuna kugula? Osindikiza mabuku a ku Kristiania anali atawapatsa ntchito yojambula zithunzi za m'buku lowerenga la ana a sukulu. Ine ndinali ndi zaka 22, mphete ya Anfinn, mphunzitsi wa sukulu yathu, ili pachala. M'mawa wina anandipeza ndikusenda mbatata.

"Magnhild, siya izo. Kavale diresi lako la kutchalitchi, uikenso chokometsera chasiliva cha amayi pachifuwa. Ndikufuna ndikujambule."

"Mundijambula ngati ndani, achimwene?"

"Ngati mwana wa mfumu. Nanga pali winanso m'chigwa muno? Khala apo, umwetulire. Iyayi, osati ngati wamwa mankhwala. Ganiza za kamphunzitsi kako kaja."

Ndinakhala masiku anayi, khosi gwa, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Kundionetsa anakana. Mwambo wawo mukuudziwa, chithunzi chosatha saonetsa munthu. Ine mwa kupusa kwanga ndinauza chigwa chonse kuti ndikhala m'buku.

Ndipo ndinakhalamodi. Tsamba 43. Mkazi wa chiwanda cha m'phiri, akutakasa phala ndi mphuno yake, mchira wa ng'ombe ukusuzumira kunsi kwa diresi. Mphuno anaitalikitsa, makutu anawakulitsa, koma zina zonse anazisiya mmene zinalili: kadontho kakuda ka pansi pa diso langa lamanzere, mpata wa m'mano anga, diresi langa, siliva wa amayi. Ndi kumwetulira kuja, kwa mtsikana woganiza za mwamuna wake. Ngakhale mwana wa zaka zinayi ankandizindikira.

Bukulo linalowa m'sukulu zonse za dziko lino, ndi ya Anfinn yomwe. Taganizani, achemwali, munthu kuima kutsogolo kwa ana makumi atatu n'kunena kuti tsegulani tsamba 43! Ndikamadutsa pamsewu ana ankakwera pampanda: "Nachiwanda! Nachiwanda! Phala lapsa kodi?" Anfinn anapirira miyezi iwiri. Kenako anandipeza m'khola ndikukama, chipewa chili m'manja.

"Magnhild, sindikutha kuphunzitsa. Ndikangolowa m'kalasi ayamba kuseka."

"Ndiye ukufuna nditani, ndidule mphuno?"

"Ndapempha kuti andisamutsire kumpoto."

"Tipita liti?"

Anangoyang'ana chala changa, ndipo mpheteyo ndinavula ndekha.

Inunso munaseka, achemwali. Tsiku limene bukulo linafika munatsamira chitseko cha khitchini mutagwira m'mimba, misozi ikuyenderera ndi kuseka. Mwina munaiwala, woseka sachedwa kuiwala. Chaka chotsatira munalilongedza m'bokosi popita ku Amereka, kuti ana anu adzadziwe luso la amalume awo.

Buku limenelo ndi limene linawapatsa dzina achimwene, ndipo ndi lomwenso linawadya. Aliyense anayamba kufuna ziwanda zawo, m'mabuku a nthano, pa makalendala, pa makadi a Khirisimasi. Koma iwo mtima wawo unali pa zithunzi zikuluzikulu za utoto, za asodzi ndi mapiri ndi maliro a m'chipale. Akapita nazo ku chionetsero ku Kristiania, anyuzipepala ankangoti, "Bambo wa ziwanda wayesanso kukhala wojambula weniweni." Ankabwerako ali ndwii, n'kudzitsekera sabata yathunthu. Mlamu wathu Jorunn, mkazi wawo, atamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1899, ndani akanawasungira nyumba? Nachiwanda, poti analibe kwina kopita. Zaka makumi atatu tsopano ndikuwaphikira, kuwachapira, kupera utoto pamwala, kutsuka maburashi, kukoka zinsalu pa mafelemu. Mawu oti pepa sindinawamvepo, ngakhale oti zikomo.

M'mawa uliwonse ndinkawaikira utoto pathabwa lawo, timilu tisanu ndi titatu, m'ndondomeko imene anaiphunzira ku Parisi ndipo sanaisinthepo: woyera pafupi ndi chala chachikulu, kenako wachikasu, wa khungu la munthu, wofiira, wadothi, wobiriwira, wabuluu, wakuda kumapeto. Dzanja lawo linkadziwa lokha pamene pali uliwonse, sankayang'ana n'komwe. N'chifukwa chake ng'ala itayamba zaka zinayi zapitazo sanasiye ntchito. Maonekedwe a chinthu ankawaonabe akayandikira ndi galasi lawo lalikulu, kuwala ndi mdima ankasiyanitsa, koma mitundu yonse inasanduka phulusa. Ankauza alendo kuti, "Maso anga a mitundu ndi Magnhild. Ntchito ina imene amatha ndi yowotcha khofi."

Za mphezi imene inawotcha tchalitchi chathu ndinakulemberani kale. Chatsopano chitatsala pang'ono kutha, mu Seputembala chaka chatha, kunabwera abusa athu atsopano, a Hestvik, ndi akuluampingo atatu, kudzapempha achimwene kuti ajambule chithunzi cha pamwamba pa guwa: Ambuye Yesu akudalitsa ana, ndipo anawo akhale a m'chigwa chomwe chino. Mukanawaona achimwene! "Tsopano adziwa," anatero. "Ndisanafe adziwa kuti sindine wa ziwanda zokha."

Ine ndinakondwa nawo, Mulungu ndi mboni. Ndinatulutsa makapu abwino aja, ndi makeke ndinaphika. Koma khofi atalowa m'mutu, achimwene anayamba nthabwala yawo ya alendo, imene ndaimva kosawerengeka.

"Abusa, inu ndinu achilendo kuno. Buku langa munaliphunzira kusukulu?"

"Kwambiri, bambo Mosgrend. Ndinkaopa tsamba lija la mayi wa mphuno yaitali."

"Ha! Ndiye amene akukuthirirani khofiyo mukuyesa ndani? Magnhild, tenga buku pashelefupo. Ima apa pawindo, tembenukira uko, abusa aone bwino."

"Achimwene, khofi azizira."

"Ima apo, iwe! Mukuona, abusa? Ndinamunamiza kuti akhala mwana wa mfumu. Ndikanamuuza zoona sakanamwetulira chonchi. Chiwanda chimaseketsa chikamadziyesa chiphadzuwa. Ndipo onani mmene Mulungu alili wabwino, chaka chilichonse akunkerankera kufanana nacho."

Akuluampingo anaseka, ndipo awiri mwa iwo ndi omwe aja ankakwera pampanda ali ana. Abusa anayang'ana m'kapu, koma mapewa ankagwedezeka. Ine, nkhalamba ya zaka 59, ndinaima pawindo, ketulo kudzanja lino, buku kudzanja linalo, ngati ng'ombe ya pamsika.

Ana khumi ndi awiri anabwera mmodzimmodzi, achimwene n'kuwajambula ndi makala, mphuno yawo ili pafupi kukhudza nkhope za anawo. Atatha anatseka chitseko cha chipinda chojambulira, wolowa ine ndekha. Lolemba loyamba la utoto ndinaika timilu tonse monga mwa nthawi zonse, kupatula tiwiri. Pamalo pa utoto wa khungu ndinaika wobiriwira, pamalo pa wobiriwira ndinaika wa khungu. Musaganize kuti dzanja linangoterereka ayi. Ndinakhala pansi ndikusakaniza woyera mu wobiriwirawo, pang'onopang'ono, mpaka kuwala kwake kunafanana ndendende ndi kwa khungu, kuti maso awo asagwire kanthu. Zaka makumi atatu pamwala uja zinandiphunzitsa ntchito.

Ndinkati ndichita tsiku limodzi lokha, ndione nkhope imodzi yobiriwira, ndiseke ndekha, mawa ndiwauze kuti ndinalakwitsa. Koma dzuwa litapendeka anandiitana.

"Magnhild, bwera undibwereke maso. Masaya a ka Oddny, kamwana ka wosula zitsulo, ali bwanji?"

Kamwanako kanali biriwiri ngati tsamba la kabichi.

"Ngati apulo wakupsa, achimwene."

"Sindinachulutse kufiira?"

"Ayi ndithu. Pamenepo ndiye pake."

"Eya. Chokapo tsopano, ukunditchingira kuwala."

M'mawa mwake ndinaikanso chimodzimodzi. Miyezi isanu ndi inayi, achemwali, m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu.

Tsiku lina mu Febuluwale ndinatsala pang'ono kugwidwa. Ananunkhiza burashi n'kunena kuti, "Utoto wa khungu uwu ukununkha mwachilendo." Ndinati mafuta ake ndi atsopano, wasitolo anasintha kogula. Anatukwana wasitoloyo n'kupitiriza ntchito. Ndipo ndinene chinthu chimodzi, poti ndayamba kale kuulula: chithunzi chimenecho chikanakhala chokongola kuposa zonse zimene anajambulapo. Dzanja la Ambuye pamutu pa kamwana, mwana wina akubisala kuseri kwa mkanjo, wina akuyamwa chala, zonse zamoyo. Nthawi zina ndinkaima kumbuyo kwawo misozi ikulengeza. Kenako ndinkakatsuka maburashi n'kukonza wobiriwira wa mawa.

Pali china chimene ndinafuna kubisa, koma ndilemba. Itayandikira Pasaka anati pakona ya kumanzere pakufunika mayi wonyamula khanda. Sanaitane aliyense, anati nkhope ali nayo m'mutu. Anajambula masiku asanu osalankhula. Nditabwera ndi khofi ndinaona mtsikana wa zaka ngati 22, mphuno yabwinobwino, kadontho pansi pa diso lamanzere, siliva wa amayi pachifuwa. Mwana ali m'manja, achemwali. Ine amene sindinanyamulepo wanga.

"Ukumudziwa ameneyu?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Ayi, achimwene."

"Hm. Maso ako nawonso ayamba kufa. Ika khofiyo apo."

Anathera pomwepo. Kupepesa kwawo kunali kumeneko, pakona, patapita zaka 38, Anfinn ali m'manda kumpoto, ine mano atagweruka. Nkhopeyo inali idakali ya makala okha, utoto anali asanaike. Ndikanatha kubwezera timilu m'malo mwake m'mawa wotsatira, n'kugwada, n'kuwauza zonse, nthawi yokonza inalipo. Ndinaima ndi thabwa lija m'manja mpaka phala linapserera pamoto. Kenako ndinaika wobiriwira pamalo achitatu. Mtsikanayo anatuluka biriwiri ngati anzake, ndipo atandifunsa ndinati wakongola.

Tchalitchi chinatsegulidwa Lamulungu lomaliza la Juni. Abusa anapempha kuti aone chithunzicho Lachitatu lake, koma achimwene anawabweza: "Abusa, inu ulaliki wanu mumawerengera anthu Lachitatu?" Tinachikulunga tokha awiri m'chinsalu chochindikala, amuna anayi anachinyamula n'kuchikhoma pakhoma chili chophimba. Kunabwera abishopu, anyuzipepala awiri a ku Bergen, ndi anthu a zigwa zitatu, ena mpaka anaima panja. Ana khumi ndi awiri aja anawakhazika kutsogolo atavala zoyera, makolo awo kumbuyo kwawo atatukumuka. Achimwene ndinawaveka jekete lakuda, ndevu ndinawapesa ndekha.

Limba litasiya, abusa anakoka chingwe.

Thambo labwinobwino, labuluu. Mikanjo yabwinobwino. Koma Ambuye biriwiri, ana onse biriwiri ngati mitembo yovuulidwa m'nyanja, atakhala pa udzu wofiirira ngati nkhumba yopalidwa ubweya. M'tchalitchi monse munangoti zii. Achimwene anandifinya mkono n'kundinong'oneza, "Ukumva, Magnhild? Asowa chonena." Nkhope yawo inkawala ngati ya mkwati.

Ndiye ka Oddny kanalira mokweza: "Amayi, ine si ameneyo! Chimenecho n'chiwanda!"

Anyamata okhala m'mwamba muja ndiwo anayamba, kenako kuseka kunatsikira pansi, benchi ndi benchi. Kumbuyo wina anati, "Watibweretsera ziwanda zake m'nyumba ya Mulungu!" Wina anati, "Ndi Nachiwanda yemwe alipo, uyo pakonapo, wabereka!" Mkazi wa wosula anakoka mwana wake n'kutuluka naye, amayi ena n'kutsatira. Abishopu anakhosomola n'kulamula nyimbo, ndipo amuna awiri anakwera makwerero kukabwezera chinsalu anthu akuimba.

"Akuseka chiyani?" anafunsa achimwene. "Magnhild, akuseka chiyani? Wagwa munthu?"

"Tiyeni kunyumba, achimwene."

"Ndikuti akuseka chiyani!"

Ndinawatulutsa kudzera pakati penipeni pa anthu, pang'onopang'ono, sindinafulumire. Mukufuna kudziwa mmene ndinamvera? Ndinakondwa. Ngakhale ankandiseka ndi ine ndemwe, ndinakondwa mpaka m'mafupa, ndipo kunyumba ndinadya mbale ziwiri.

Abusa anatsekera chithunzicho m'kachipinda ka m'nsanja ya belu, kiyi anasunga okha, ndipo anapempha mpingo kuti pasapezeke wouza nkhalambayo chimene chinalakwika. Anthu athu mukuwadziwa, kuseka amaseka, koma kunena pamaso sanena. Nyuzipepala itafika achimwene anati ndiwawerengere. Pamene panatchulidwa za mitundu ndinalumpha, koma pamene analemba kuti bambo wa ziwanda wafa kale, kwangotsala kumuika, ndinawerenga bwinobwino, ndipo atati ndibwereze ndinabwereza. Masiku atatu sanadye. Tsiku lachinayi anandiitana ali pampando wawo, manja ali pamaondo.

"Ndadziwa chimene chinachitika," anatero.

Ndinadikira kuti atchule dzina langa.

"Ndi dzanja ili. Zaka makumi anayi likujambula ziwanda, lazolowera. Ndimaliuza kuti jambula mwana wa munthu, ilo likujambula zake, ndipo maso oti alidzudzule palibe. Anyuzipepala aja ankanena zoona." Kenako anati, "Koma iwe unkaona. Miyezi yonseyi unkaona. Bwanji sunandiuze?"

Koma anadziyankha okha.

"Unandimvera chisoni. Unaona nkhalamba ikusangalala, unati ndiisiye. Ndipo ine ndakuchititsanso manyazi kachiwiri, pamene ndinkafuna kukonza. Bwera kuno, mlongo wanga." Anafufuza dzanja langa n'kuligwira ndi manja onse awiri. "Zikomo, Magnhild."

Chigwa chonse chikuganiza chimodzimodzi. Azimayi akundibweretsera mazira ndi mabulosi. Mkazi wa wosula yemwe uja anandigwira phewa pasitolo n'kunena kuti, "Amayi inu ndinu mngelo, ine sindikanapirira." Mwamva zimenezo? Nachiwanda wasanduka mngelo, ndipo mazirawo ndikudya.

Tsopano mwamvetsa. Dokotala wanuyo akangochotsa ng'ala, chinthu choyamba achimwene adzakwera nsanja ija, ndipo mphindi imodzi idzawakwanira. Adzaona kuti dzanja silinaphonye mzere ngakhale umodzi, kuti thambo lili m'malo mwake, mikanjo ili m'malo mwake, koma timilu tiwiri tokha ndi timene tinasinthana. Woika timiluto akumudziwa.

Koma si mantha okha, ndisakunamizeni. Achimwene a masiku ano ndikuwakonda kuposa akale. Amapempha. Amati "ukapeza mpata", amati "pepa ndakuvutitsa". Maso akunkerankera kuipa, sangafike ndi pachipata pomwe popanda mkono wanga. Ndikawakhazika pa benchi panja amakhala pomwepo mpaka ndidzawatenge. Sabata yatha mvula inayamba ali pamenepo, ine ndili pawindo la khitchini ndikuwaona. Ndinamaliza kaye kutsuka mbale. Nditatuluka anandipepesa kuti anyowetsa jekete.

Dzana, popanda wowauza, anati, "Magnhild, tenga cholembera tilembere Tordis. Ku Amereka kuli anthu odziwa zinthu, mwina amvapo za dokotala amene amachotsa ng'ala." Ndinakhala patebulo, iwo akunena, ine ndikulemba.

"Lemba kuti sindikufuna zambiri. Ndichione kamodzi kokha, ndidziwe pamene ndinalakwitsa, mwina ndingakonze. Ana aja sanalakwe kanthu. Lemba kuti ndikupempha ndi mtima wonse, ine amene sindinapemphepo. Walemba?"

"Ndalemba, achimwene."

Cholembera chinkalira papepala, iwo n'kumagwedeza mutu. Koma kalata imene ndinkalemba inali yopita kwa dokotala wa ku Bergen, yothokoza kwambiri, yonena kuti bambo Eilert Mosgrend aganiza mofatsa, avomereza chifuniro cha Mulungu, ndipo tsiku la 10 Seputembala lipatsidwe kwa wina. Ndinawagwiritsa cholembera, ndinaika chala chawo pamunsi pa pepala, anasaina okha dzina lija limene mwana aliyense m'dziko muno amalidziwa. Yapita ndi sitima ya lero m'mawa.

Mwina mukufunsa kuti ndakuuziraninji zonsezi pamene ndikanatha kungonama. Inenso ndadzifunsa. Pa moyo wanga wonse ndapanga chinthu chimodzi chokha chimene anthu a zigwa zitatu anabwera kudzaona, ndipo zikundiwawa kuti palibe akudziwa kuti ndi changa. Tsopano mukudziwa inu.

Mukhoza kulembera abusa, adiresi mukuidziwa, sindikuletsani. Koma muganize kaye. Inu muli kutsidya kwa nyanja ndi adzukulu anu onenepawo, simubwera kudzawaphikira phala achimwene. Akadzatsegula maso adzapeza kuti munthu mmodzi yekha amene watsala nawo, amene anamugwira dzanja n'kumuthokoza, ndi amene anawachita zimenezi. Wowaonetsa mudzakhala inu. Mpeni wa dokotala akhoza kuupirira, koma izo sindikudziwa.

Perekani moni kwa alamu anga a Gudmund, kwa mwana wanu Ragnfrid ndi mwamuna wake, mkamwiniyo mumuthokoze chifukwa chodzivutitsa. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Ngati mungathe, munditumizireko ubweya wolukira uja munatumiza chaka chatha, ndikufuna ndiwalukire juzi achimwene kuzizira kusanayambe.

Achimwene akupereka moni wambiri. Ali panja pa benchi pano, nkhope ayang'anitsa kudoko kumene sitima imalirira. Andifunsa kuti kalata imatenga masabata angati kupita ku Amereka ndi yankho kubwera, ndawauza kuti asanu ndi limodzi. Akuti si ambiri, adikira, mlongo wawo Tordis sanawakanizepo kanthu. Akutinso ndiwatsukire maburashi onse ndi kuwakulunga bwino, kuti maso akadzatseguka asadzataye nthawi.

Ndawatsukira.

Ine mng'ono wanu,
Magnhild